Mkono Wamanzere wa Kamphepo

Kuchipatala cha ana anamumanga Kamphepo wotchi yosauza nthawi. Inali yakuda bii, yopanda manambala, yongophethira kakuwala kobiriwira pakapita kanthawi. Mlangizi wa zakudya, mayi wamagalasi wolankhula motsitsa mawu, anafunsa mwanayo dzanja lomwe amalembera. Kamphepo atakweza lamanja, mlangiziyo anagwira lamanzere n'kumangapo. Anachita kuboola kabowo kena palamba, chifukwa mabowo onse omwe analipo anali a ana okhala ndi mnofu.

"Lamulo lake ndi limeneli, timamanga kumkono womwe salembera," anatero mlangiziyo, akuyang'ana kwa mayi wa mwanayo. "Masiku asanu ndi awiri, osavula. Imamva mwana akamayenda, akamathamanga, akamasewera, ndiye kompyuta imatiuza mphamvu zomwe thupi lake likugwiritsa ntchito patsiku. Inuyo mayi, muzilemba m'kope umu chilichonse chomwe wadya. Tikaika ziwirizi pamodzi, tidziwa chikumuwondetsa."

Make Kamphepo anangogwedeza mutu. Miyezi itatu yotsatizana sikelo inali ikutsika, ndipo mwana wazaka khumi anali atayamba kuvalanso madiresi omwe anawasiya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Magazi anapima, chifuwa anajambula, mankhwala a njoka zam'mimba anamwa kawiri, osapeza kanthu. Ngakhale dzina lakelo, lomwe anthu anamupatsa moseka kuti mphepo idzamuulutsa, linali litasiya kuseketsa.

Ali m'basi pobwerera, mayiyo anagwira kamkono kaja n'kukayang'anitsitsa.

"Chinthu cha eni ake ichi, wamva? Usachinyowetse, usachigundize pakhoma."

"Ndamva, amayi."

Make Kamphepo ankagwira ntchito kochapira kwa hotela ina yaikulu, kuchipinda chapansi komwe alendo sadziwa n'komwe kuti kumakhala anthu. Malo ake anali pamakina ositira. Anthu awiri kugwira nsalu yoyala pabedi m'makona, kuikoka, kuilowetsa m'makina otentha, kuthamangira kuseri kukailandira, kuipinda kanayi. Ikatha imeneyo, ina. Nthunzi inkamuphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo poweruka mapazi ankakhala atatupa moti nsapato ankachita kuziponda kuchidendene. Ankachoka pakhomo ana akadali m'tulo, n'kubwera kukuyamba kuda. Mwamuna wake anapita kutali kukafuna ntchito chaka chomwe mwana wachiwiri anabadwa, ndipo zikuoneka kuti akuifunabe.

Mwana wachiwiriyo, wamkazinso, wazaka zinayi, anthu ankamutchula kuti Abwana. Anabadwa ndi miyendo youma, yosapindika bwino, moti sankayenda, ndipo ukayesa kumubereka kumbuyo ankalira mpaka kutsamwa. Ankangonyamulidwa pambali, m'chiuno. Dzinalo anamupatsa ndi mayi wina wosoka zovala yemwe ankakhala chipinda choyamba pansi, pafupi ndi masitepe. "Munthu wopita kulikonse atanyamulidwa, kwinaku akuloza ndi chala kolowera, si bwana ameneyo?" Atelalawo ndi amene ankasunga Abwana m'mawa, Kamphepo akakhala kusukulu.

Nyumba yake inali yosanja, ndipo chipinda chawo chinali pamwamba penipeni, pansanjika yachinayi. Chikepe chinafa kalekale, ana ankangobisalamo posewera. Madzi ankakwera pamwamba pokhapokha akafuna okha. Masiku ambiri mpopi wamoyo unali umodzi, pabwalo pansi, ndipo madzi akasowa chimbudzi cham'mwamba ankachikhoma, aliyense n'kumatsikira cha pabwalo.

Sabata yonse mayiyo analemba m'kope mosaphonya, atakhala pamphepete pa bedi, mapazi ali m'beseni. Buledi magawo awiri, tiyi wamkaka. Mpunga ndi nyemba, mbale imodzi ndi theka. Dzira lowiritsa. Nthochi. Dzira limenelo linali lake iye mwini, lomwe ankapatsidwa kuntchito masana n'kulibisa m'thumba la epuloni. Polemba ankamva kakunyada pang'ono, kuti pazonse zomwe analephera, apa pokha panali umboni.

Tsiku lobweza wotchi, mlangizi anailumikiza kukompyuta n'kutembenuzira galasi lake kwa mayiyo. Anauza Kamphepo kuti akadikire pabenchi panja.

"Apa ndi kusukulu, nthawi yopuma. Mwaona timapiri iti? Ndiye kuti amasewera. Tsono apa ndi masana, akaweruka mpaka madzulo."

Mzerewo unagona pansi, wosalala ngati nsalu yongotuluka kumene m'makina ositira.

"Mwana wanu masana amangokhala. Maola asanu, tsiku lina asanu ndi limodzi. Mwana wongokhala chonchi, akanakhala kuti akudya zomwe mwalembazi, bwenzi akunenepa. Koma sikelo yatsikanso. Matenda sitikuwapeza." Mlangiziyo anatseka kope lija pang'onopang'ono. "Ndiye pali chimodzi chomwe sichikunena zoona, wotchi kapena kope."

Sananene chomwe ankachikayikira, komanso panalibe chofunsira. Masiku ano ukatsutsana ndi kanthu kolumikiza kukompyuta, wabodza ndiwe, ngakhale utalumbira pa manda a mayi ako. Make Kamphepo anamva nkhope ikutentha kuposa mmene imatenthera pamakina. Anafuna kunena za dzira lija, koma anaona kuti likhala ngati bodza linanso.

Mlangizi anatulutsa fomu yachikasu m'dirowa n'kuiika patebulo, yosalemba.

"Sikuti ndikufuna, mayi, ndi ndondomeko. Ndimumanganso wotchi kwa masabata awiri. Zikatulukanso chimodzimodzi, pepala ili lipita ku ofesi yoona za ana. Amabwera kudzaona pakhomo. Nthawi zina amangolangiza."

"Nanga nthawi zinazo?"

"Nthawi zina ana amakasungidwa kwina kaye."

Mayi ndi mwana wake anabwerera kunyumba. Atangolowa m'chipinda n'kutseka chitseko, mayiyo anaphulika.

"Chakudya umachipititsa kuti iwe? Umataya? Umagawira anzako?"

"Ndimadya, amayi."

"Nanga masana onse umangokhala ndwii ngati mtondo? Ine ndikupsa kuntchito, iwe uli phee, mpaka anthu kunditcha wabodza womana mwana chakudya! Akadzabwera kudzakutengani, iwe ndi mng'ono wakoyu, ndi pamene udzadziwe."

Kamphepo anayang'ana wotchi ija, kenako anayang'ana pansi. Sanalire.

"Pepani, amayi. Ndiziyenda."

Wina angafunse kuti kodi mayiyu sankaona kuti mgolo wamadzi umakhala wodzaza, mbale zotsuka, Abwana wosamba? Ankaona. Koma munthu wotopa safunsa kuti madzi alowa bwanji mumgolo, amangotunga n'kumwa. M'mutu mwake zonsezo zinali tintchito ta ola limodzi, toti mwana wamkulu amagwira n'kukasewera. Ndipo pagalasi paja anadzionera yekha mzere utagona.

Lachinayi la sabata yachiwiri, makina otenthetsa madzi kuhotela anafa, ndipo kapitawo anawabweza onse dzuwa lisanafike pamutu. Make Kamphepo anafika pakhomo nthawi yomwe anali asanafikepo chiyambire ntchito. Atayang'ana masitepe, miyendo inakana. Analowa kwa atelala, anapsompsona Abwana yemwe anali pamphasa akusanja mabatani, n'kudzigwetsa pampando wa kuseri kwa madiresi opachikidwa. Pamenepo ankaona masitepe onse oyamba ndi mpopi wa pabwalo, koma wolowa sakanamuona.

Posakhalitsa panamveka mapazi a ana ochokera kusukulu. Atelala anatsegula pakamwa kuti aitane, koma mayiyo anaika chala pamlomo.

"Musamuuze. Ndikufuna ndione ulesi wakewo ndi maso anga. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anaweramira kwa Abwana. "Iwenso usanene, tikusewera chibisalirano."

Atelala anamuyang'ana modabwa, koma anangopitiriza kupalasa makina awo.

Kamphepo anaima pakhomo, anapereka moni mwaulemu, n'kugwada. Abwana anakweza manja mwa chizolowezi, akuseka chinsinsi chake. Mkulu wakeyo anamukhazika pachiuno chakumanzere, mkono wamanzere n'kuukulunga pansi pake, kenako anadzuka mopendekera kumanja kuti asagwe. Chikwama chasukulu chili kumsana, anayamba kukwera.

Mphindi zochepa zitadutsa anatsika, atavula yunifolomu. Abwana anali pomwe paja, pachiuno. Kudzanja lamanja kunali ndowa. Pampopi anatsegula ndi lamanja, anatsuka ndowa ndi lamanja, kwinaku atatembenuza mbali yakumanzere kutali kuti madzi asadonthere wotchi ya eni ake. Ndowa itadzaza anainyamula, msana n'kupindika, ndipo anakwera sitepe imodzi imodzi, madzi akumuthira m'miyendo. Mkono wamanzere sunagwedezeke ngakhale pang'ono. Ukanagwedezeka, mwana akanagwa. Kakuwala kobiriwira kankaphethira pansi pa ntchafu ya Abwana.

Anatsikanso. Anakweranso. Ulendo wachitatu anapumira pokhotera masitepe, ndowa pansi, koma mng'ono wake sanamutsitse. Ulendo wachinayi unali wopita naye kuchimbudzi cha pabwalo. Wachisanu unali wa madzi.

"Bwanji osamusiya m'chipinda akamatunga?" mayiyo anafunsa monong'ona.

"Si inu munamukalipira tsiku lija Abwana anagwa pabedi? Munati asadzamusiyenso yekha ngakhale mphindi imodzi. Tonse tinamva, mpaka pansi pano."

"Nanga osamusiya pano?"

"Ine ndimamuuza. Amati amayi anati tinapangana m'mawa wokha, tisawatopetse atelala, angatikanire ndi m'mawa momwe." Atelala anadula ulusi ndi mano. "Ndimamuwerengera ndikamasoka. Dzulo kasanu ndi kanayi. Lolemba, tsiku lochapa, kakhumi ndi kamodzi."

"Ndiye osandiuza?"

"Ndimayesa mukudziwa, amake Kamphepo. Ndimangoti kaya, mutu ukakula sulewa nkhonya."

Mutu wake utiwo, wa mwana wazaka khumi? Mayiyo anafuna kuwakalipira atelalawo, koma anapeza kuti alibe powagwira. Mawu onse omwe anamanga mwanayo anali ochokera pakamwa pake. Usamusiye yekha, usawatopetse, usachinyowetse. Chisoni chinamugwira, ndipo pamwamba pa chisonicho panali manyazi.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi mayiyo anatuluka kuseri kwa madiresi n'kukagwira ndowa ija pampopi. Kamphepo anadzidzimuka mpaka kubwerera m'mbuyo.

"Amayi! Ndikuyendatu, onani. Ndikangomaliza madzi ndimathamanganso pakhonde kuti wotchi imve. Dzulo ndinathamanga kawiri, kungoti ndinamva chizungulire."

"Tandipatsa mwanayo."

Atamulanda Abwana, anagwira mkono wamanzere wa Kamphepo. Unali wolimba ngati mpini, ndipo atayesa kuuwongola unabwerera wokha pomwe unali.

Masiku otsalawo mayiyo anali pamoto. Kukhala chete kunali kuvomera kuti amamana mwana chakudya. Kunena zoona kunali kudziulula kuti amasenzetsa mwana katundu woti wamkulu amulire. Kaya fomu yachikasu ija ikanalembedwa pa mlandu uti, sanadziwe. Anapempha atelala kuti asunge Abwana mpaka madzulo kwa masiku atatu okha, ndipo iwo anavomera atapumira kaye m'mwamba, n'kunena kuti masana ndi pomwe makasitomala amabwera kudzayesa zovala, singano zili mbwee pansi. Atatu okha, osapitirira.

Tsiku lake litakwana anatenga ana onse awiri. Mlangizi anali ndi mzere wa anthu mpaka kukhonde, ndipo patebulo pake panali tiyi wozizira wosamwa. Nayenso maso anali ofiira. Anatambasula dzanja kuti amasule wotchi, koma Make Kamphepo anatchinga.

"Musanamasule, tatsikani nafe pansi."

"Mayi, mwaona anthu ali panjawa?"

"Ndawaona. Mphindi zisanu zokha. Munati pali chimodzi chomwe chikunama. Ine kulankhula sinditha, koma tiyeni mukachione."

Mwina ndi mmene ananenera, mwina mlangiziyo anangofuna kudzuka pampando. Anatsika. Pansi pa masitepe panali mayi wokolopa, ndipo Make Kamphepo anamubwereka ndowa yake, madzi ali momwemo.

"Mwanangu, kamodzi kokha aka. Uchite mmene umachitira kunyumba."

Kamphepo anakhazika Abwana pachiuno, anakulunga mkono, ananyamula ndowa. Anakwera nsanjika ziwiri, akulu awiri akumutsatira m'mbuyo manja ali lende. Pankangomveka kupuma kwake ndi madzi akukhavukira pamasitepe. Abwana ankaloza kutsogolo ndi chala, akulamula njira. Pofika pamwamba, thukuta linali litanyowetsa kolala ya diresi.

Mlangizi anamasula wotchi, anailumikiza, n'kufufuza mphindi zomalizazo. Mzere unali chigonere, kungoti tizitunda tiwiri titatu tosaoneka bwino. Pambali pake kompyuta inalemba chigamulo chake mosakayika, kuti mwanayo anali atakhala pansi.

Mayi wamagalasiyo anavula magalasi n'kutikita m'maso nthawi yaitali.

"Imamva kugwedezeka kwa mkono basi," anatero, ngati akudziuza yekha. "Katundu siimudziwa. Masitepe siiwadziwa. Anaiyesera pa ana othamanga m'bwalo manja ali opanda kanthu." Anatembenukira kwa Kamphepo. "Umakwera kangati patsiku, mwanawe?"

"Sindiwerenga."

"Kasanu ndi kanayi," anayankha mayi ake. "Tsiku lochapa, kakhumi ndi kamodzi. Nsanjika zinayi."

Mlangizi ananyamula Abwana n'kumukhazika pasikelo. Makilogalamu khumi ndi anayi. Anayang'ana pakhadi la Kamphepo, pomwe panalembedwa makumi awiri ndi anayi. Anatenga fomu yachikasu ija, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anaibwezera m'dirowa n'kutseka.

"Simunaname, mayi. Pepani. Ndipo ndikuganiza kuti ndili ndi ana ena oti ndiwaitanenso." Anakoka pepala lina n'kuyamba kulemba. "Ndimulembera chakudya chowonjezera, mukatenge pawindo lachiwiri. Koma ndikuuzeni zoona, chakudya chokha sichimunenepetsa. Mukuthira madzi m'dengu. Mwanayu asiye kunyamula. Pali wina woti angathandize pakhomo?"

"Tiona."

"Mubwere naye pakatha mwezi. Sikelo ikhale itakwera."

"Ndamva."

Make Kamphepo ankayembekeza kuti akatuluka m'chipindamo apepukidwa, mwina mpaka kuseka. Anali atawina mlandu, ana ake onse awiri anali nawo m'manja, ndipo munthu wophunzira anali atamupepesa. Koma m'basi anangotsamira pawindo, mapaketi a chakudya ali pamiyendo, akuwerenga m'mutu anthu oti angathandize. Mchemwali wake anali kutali, ndi ana ake asanu. Atelala masiku awo atatu anali atatha. Kuntchito ukajomba kawiri, pamakina amaikapo wina. Anawerenga kuyambira koyamba, n'kufika pomwe pomwepo.

Atafika pansi pa masitepe a kwawo, Kamphepo anatambasula manja kuti alandire mng'ono wake.

"Ayi. Iwe tenga mapaketiwa."

Mayiyo anakhazika Abwana pachiuno n'kuyamba kukwera. Nsanjika yoyamba anaimaliza. Pakati pa yachiwiri mkono unayamba kuyaka kuchokera paphewa mpaka m'zala, ndipo mapazi otupa aja ankaphonya m'mphepete mwa masitepe. Anayesa kukumbukira tsiku lomwe anakwera naye mwanayu komaliza, kuchokera pansi mpaka pamwamba. Linali chaka chatha, Abwana akadali wopepuka. Kuchokera pamenepo, nthawi zonse pankapezeka timanja tiwiri totambasuka, ndipo iye ankangopereka.

Pokhotera masitepe anaima, atatsamira khoma, akupumira m'mwamba. Kamphepo anali masitepe atatu patsogolo. Mapaketi anawagwira kudzanja lamanja. Mkono wamanzere unali wopindika pachiuno, utakumbatira malo opanda munthu, ndipo pomwe panali wotchi panatsala kamzere kotuwa.

Mwanayo anatembenuka n'kuwayang'ana mayi ake, mmene ankapumira, mmene mkono wawo unkanjenjemerera.

"Amayi, mawa mupita kuntchito?"

"Ndipita."

"Ndiye musadandaule," anatero Kamphepo motsitsa mawu, kuti a m'zipinda asamve. "Wotchi ija achotsa. Palibe adziwe."

Make Kamphepo anakhazikanso bwino mwana pachiuno. Abwana anamugogoda paphewa n'kuloza m'mwamba. Kunali kutatsala nsanjika ziwiri.